A Kamphinda Aperekeza Mlendo Kupitirira Kolomna

Fyness analiona dzinalo pa foni yake ali m'basi ya 50, basiyo itangodutsa ku Moseley. Ellard Kamphinda, wa ku Kings Heath, bambo wokalamba amene anadwala sitiroko, mwendo wakumanzere wofooka. Analiwerenganso kachiwiri. Chifikireni ku Birmingham kudzagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, anali atasambitsapo Azungu, Amwenye ndi agogo a ku Jamaica, koma dzina lakwawo anali asanakumane nalo.

Atatsegula chitseko ndi kiyi wa m'kabokosi ka pakhoma, anaima kaye. Moni wa Chingerezi umene anamuphunzitsa ku ofesi unali kale pamilomo, koma anaumeza.

"Odi kuno!"

M'nyumbamo munamveka mawu aakulu, onjenjemera pang'ono.

"Odini! Ndani ameneyo akuodira ngati tili ku Ntcheu?"

Anawapeza atakhala pampando wandalema pafupi ndi zenera, atavala jekete ndi tayi, bulangete lili m'miyendo. Makoma onse anali mabuku okhaokha, ambiri a zilembo zimene Fyness anali asanazionepo. Bedi analitsitsa kuchokera m'chipinda cha pamwamba n'kuliika pabalaza pomwepo. Pakona panali chitsulo chogwirira poyenda, chimene kuntchito amachitcha fulemu, ndipo anali atakolekapo chipewa ndi thawulo.

Fyness anagwada.

"Muli bwanji, agogo? Ine ndine Fyness, andituma kuti ndizikuthandizani."

"Ndili bwino pang'ono, kaya inu? Kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu komweko, kwa Nsipe."

"Chiwongo?"

"Nangozo."

Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya tayi.

"Mayi anga anali Nangozo. Ndiye kuti andilondola mpaka kuno. Dzukani, amayi, khalani pampando. Kapeti imeneyo ndi yakale kuposa inu, ikudetserani yunifolomu."

Kuyambira tsiku limenelo iwo ankamuitana kuti amayi, iye n'kumawaitana kuti agogo, ndipo palibe anaona chachilendo. Chichewa chawo chinali chakale, chosasakaniza, ngati suti ya ukwati imene yakhala m'sutikesi zaka zambiri koma njenjete osaidya. Pang'onopang'ono Fyness anamva mbiri yawo. Anachoka kwawo ali mnyamata, m'zaka zovuta zija dziko litangolandira ufulu, nadzera ku Tanzania mpaka anapeza malo a maphunziro ku Moscow. Kumeneko anaphunzira mbiri yakale, nakwatira Galina, mtsikana wa mumzinda wa Kolomna. Pambuyo pake anasamukira ku England, kumene anaphunzitsa pa koleji ina mpaka kupuma ntchito. Galina anamwalira kale. Anatsala ndi mwana mmodzi, Maya, amene ankakhala ku Solihull ndi banja lake.

Maya ndiye anamufotokozera Fyness vuto lenileni, ali awiri m'khitchini, m'Chingerezi chonong'ona. Chitulukireni m'chipatala, bambo ake ankakana kuyenda. Wophunzitsa odwala kuyenda anabwera kangapo, iwo n'kumamubweza mwaulemu wonse. Kuchoka pampando kupita pabedi kapena kuchimbudzi, ankachita kuwakankha pa chikuku. Nyengo yotentha ikamatha kudzabwera munthu wodzawayesa. Akadzapeza kuti sangathe kudziyendera okha m'nyumba, adzapita ku nyumba yosungirako okalamba, ndipo malo anali atapezeka kale. Maya sankafuna zimenezo, koma bambo ake ankagona okha m'nyumbamo, ndipo iye kwakeko sankagona tulo.

A Kamphinda ankadziwa zonsezi.

"Muno ndidzatuluka atandinyamula pamapewa," anamuuza Fyness akuwameta ndevu. "Mabuku awa ku keya homu angakwane pati? Pansi pa bedi?"

"Nanga bwanji osangoyenda, agogo? Fulemu ili apo."

"Njinga yopanda matayala imeneyo? Kamnyamata kena kanabwera kuno n'kumandiombera m'manja ndikaponya phazi. Ati, well done, Ellard. Ine Ellard? Ndinaphunzira kuyenda mayi ake asanabadwe. Munthu amayenda ali ndi kopita, amayi."

Tsiku lina Fyness akupukuta fumbi pa shelefu, anapeza kachithunzi kojambulidwa pa thabwa: munthu wandevu, wovala mkanjo wakuda, atanyamula katchalitchi m'manja.

"Agogo, ameneyu ndi Yesu wa ku Russia?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyo ndi Danieli, kalonga wa ku Moscow, amene atchalitchi amamutcha woyera mtima. Mzime ngati ine. Bwerani nacho kuno. Moscow mumaidziwa?"

"Ya pa nkhani ija? Ndi mzinda waukulu."

"Lero ndi waukulu. Zaka zoposa mazana asanu ndi awiri zapitazo kanali kamudzi ka nyumba zamitengo pakati pa nkhalango, kokhala ndi mpanda, pakaphiri pamene kamtsinje kena kamathira mumtsinje wa Moskva. Bambo a Danieli, Aleksanda Nevski, anali kalonga wamkulu wa dziko limenelo, ngakhale kuti pamwamba pawo panali Atatari, ankhondo a pa akavalo ochokera kum'mawa, amene anali atatentha mizinda n'kumalandira msonkho. Bamboyo atamwalira, ana aakulu anatenga mizinda yonona. Danieli anali ndi zaka ziwiri zokha. Mwana woyamwa mungamupatse chiyani? Anamuponyera Moscow, monga kwathu mzime amamupatsira kambuzi kotsimphina."

Foni ya Fyness inalira kusonyeza kuti nthawi yake pakhomopo yatha. Anabwezera chithunzicho pamalo pake, natsuka kapu, navala jekete. A Kamphinda anali akulankhulabe za bambo aang'ono a mwanayo, kalonga wa ku Tver, amene anamulera n'kumamusungira kamudziko.

"Agogo, basi indisiya. Mudzapitirize mawa. Tsalani bwino."

Anali atafika pachitseko cha pabalaza pamene anamva mawu kumbuyo kwake.

"Taimani. Masiku onsewa ndakhala ndikuchita manyazi. Mayi anga azituluka okha m'nyumba mwanga ngati munthu woba nkhuku? Chotsani thawulo limenelo, mundipatse njinga yangayo."

Fyness anachotsa thawulo ndi chipewa mwamsanga, poopa kuti angasinthe maganizo. Anaika fulemu patsogolo pawo. Anadzuka movutikira, mwendo wakumanzere ukukana, nayamba kuyenda: fulemu patsogolo, phazi lodwala likukhwekhwerezeka, kenaka labwino. Nkhani sinaime. Pofika pachitseko chakunja, thukuta linali litatuluka pamphumi.

Kwathu woperekeza mlendo sabwerera mwa kufuna kwake. Amayenda mpaka mlendo mwiniwake amumasule. Fyness anaima, naomba m'manja pang'ono.

"Bwererani pano, agogo. Mwandiperekeza."

"Mwandibweza msanga, amayi. Danieli sanamere ndi ndevu zomwe."

Komabe anamvera. Chovuta chinali chakuti Fyness sakanawasiya ali chiimire pachitseko, choncho anawaperekezanso mpaka pampando. Basi inamusiya.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Ali pampando, a Kamphinda ankakamba za mvula ya ku England, za mankhwala, za kachewere wa ku Tsangano amene ankati palibe mbatata ya kuno ingafanane naye. Za Danieli ankazisungira panjira. Ndipo Fyness, amene kusukulu phunziro la mbiri yakale linkamugonetsa, anapezeka akuchedwa kunena mawu omasula aja, chifukwa nthawi zonse nkhani inkafika pokoma iwo atangofika pachitseko. Posakhalitsa anatsika kasitepe ka pakhomo, nafika pageti.

"Akulu ake a Danieli awiri, Dimitri ndi Andireya, ankalimbirana mpando waukulu wa bambo awo, wa ku Vladimir," anatero a Kamphinda atagwira geti ndi dzanja limodzi. "Andireya anapita kukaitana Atatari kuti amuthandize kumenya m'bale wake. Koma Atatari ukawaitana safunsa kuti nyumba ya mdani wako ndi iti. Anasakaza mizinda yambiri, ndi Moscow yomwe. Danieli anayambiranso kumanga. Ndipo anthu othawa nkhondo m'madera ena ankabwera kudzabisala m'nkhalango zake, alimi, amisiri, ngakhale akuluakulu ndi asilikali awo. Iye ankawalandira n'kuwapatsa malo. Mudzi umakula ndi alendo."

"Ndiye anali ngati mayi Anita a ku Nechells, anamwino aja a kutchalitchi kwathu. Aliyense wotsika kumene ndege amayamba wagona pabalaza pawo. Inenso ndinagonapo."

"Mayi Anita amenewo muziwayang'anitsitsa. Zidzukulu zawo zidzalamula Birmingham yense."

Fyness ankakhala ku Small Heath, m'kanyumba kogundana ndi tinzake, pamodzi ndi Jenifer, mnzake wa ntchito yomweyo wochokera ku Lusaka. Loweruka lina akuyanika mayunifolomu kuseri kwa nyumba, anamuuza zonse.

"Iwe Fyness, uli na nzelu?" anatero Jenifer, mapegi ali kukamwa. "Mu keya pulani balemba kuti mudala uja asayende panja mpaka ba fizo, baja bophunzitsa kuyenda, bavomeleze. Manje akagwa pa geti, uzakamba chani kuli ba manija? Ati nenze kumvela nkhani ya ku Russia?"

"Si ine ndikuwatulutsa. Akundiperekeza."

"Kupelekeza! Uzapelekezewa iwe ku eyapoti, na viza yako mu thumba."

Anapitiriza kuyanika. Kenaka Jenifer anafunsa, nkhope ili ku chingwe:

"Manje uja Andireya, bamene banaitana ma Tatari, anathela kuti?"

Fyness anaseka, koma chenjezo lija linamulowa. Lolemba anawamasula a Kamphinda pachitseko penipeni. Anamuyang'ana ngati wawatukwana. M'mawa mwake thawulo linali litabwerera pa fulemu, ndipo za Danieli sanazitchule n'komwe. Fyness anawapempha kuti mwina angomuuza Maya, kuti zinthu ziyende poyera.

"Maya akamva adzandigulira chisoti cha njinga yamoto ndi belu la m'khosi," anayankha. "Iye akabwera amandipsompsona pamphumi, don't get up, Dad, uyo watuluka. Ndipo mwana wa pakhomo saperekezedwa. Musiyeni."

Fyness analingalira tsiku lonse akukwera ndi kutsika mabasi. Akawasunga pampando, ntchito yake ikhala yotetezeka, koma iwo nyumba yawo iwapulumuka. Tsiku lotsatira anachotsa yekha thawulo lija. Kuchokera pamenepo ankayenda kumbali ya mwendo wofooka, dzanja lili pafupi ndi msana wawo koma osawakhudza, maso ali pa miyala ya m'njira. Anazolowera kukwera basi yotsatira n'kudyera buledi wake m'basimo kuti asachedwe kwa wodwala wina.

Nyengo yotentha ili pakati anafika pa bokosi lofiira loponyamo makalata, nyumba zingapo kuchokera pageti pawo. A Kamphinda analimenya ndi chikhatho ngati akupatsa moni mnzawo wakale.

"Pano ndi pa Kolomna, pamene mtsinje wa Moskva umathira mu Oka. Wogwira pamenepa wagwira khomo la mtsinje wonse, ngalawa iliyonse imadutsa pamaso pake. Mzindawu unali wa kalonga wa ku Ryazan. Danieli anamenyana naye, namugwira mochenjera, n'kupita naye ku Moscow."

"Ha! Si munati atchalitchi amamutcha woyera mtima? Woyera mtima amalandanso mizinda ya eni?"

"Atchalitchi amakumbukira nyumba ya amonke imene anamanga m'mbali mwa mtsinje, ndi kuti kawirikawiri ankasankha kumvana m'malo mwa nkhondo. A ku Ryazan amakumbukira Kolomna. Ine ophunzira anga ndinkawauza zonse ziwiri." Anapuma pang'ono. "Galina zonsezi analibe nazo ntchito. Iye ankanyadira maswiti a maapulo a kwawoko, ati alibe ena padziko lonse. Ine ndinkati akusowa mtedza. Tinakangana zaka makumi anayi."

Mayi wina wa mumsewu womwewo, woyenda ndi kagalu, ankawapatsa moni popita ndi pobwerera. Tsiku lina anaima n'kufunsa kuti kodi kwenikweni akuperekeza mnzake ndani. A Kamphinda anamuvulira chipewa n'kumuuza kuti nkhaniyo akuikambiranabe.

Pangodya ya msewu, pamene pankaonekera magalimoto a mu High Street, panakhala pa Pereslavl. Umenewo unali mzinda wolemera umene Danieli anaupeza mosathira nkhondo: mwana wa mkulu wake Dimitri, pomwalira wopanda mwana, anausiyira iye, osati Andireya. Kupitirira pangodyapo Fyness sankalola. Nkhani ikome chotani, akafika pamenepo ankaomba m'manja.

Wodzawayesa uja anabwera m'mawa wina mu Seputembala. Dzina lake anali Tyler, mnyamata wamtali wa chikwama cha kumsana, ndipo anafika akupepesa kuti anasowa poimika galimoto, waisiya kutali, pafupi ndi High Street. Maya anali atafika kale, atakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pakati pa mawondo. Fyness anawiritsa tiyi.

Tyler anali waulemu. Anawatchula kuti Mr Kamphinda, nafunsa mafunso ake, namwa tiyi ndi mabisiketi. Kenaka anaika fulemu patsogolo pawo n'kuwapempha kuti aimirire, ayende mpaka kukhitchini.

"Kukhitchiniko ndikatengeko chiyani?" anafunsa m'Chingerezi chawo cha m'kalasi.

"Palibe, ndikungofuna ndione mmene mumayendera."

"Ndiye kuti palibe chimene ndipitireko."

"Dad, please," anatero Maya.

A Kamphinda anatembenukira kwa Fyness, nalankhula Chichewa.

"Amayi, ine ndine ng'ombe ya pamsika, yoti aziiyendetsa kuti aone ngati ikutsimphina?"

Tyler anayesanso mwa njira zina, koma mkuluyo anangopinda manja. Pomaliza mnyamatayo anauza Maya motsitsa mawu kuti iye angalembe zokhazo zimene waona ndi maso ake. Maya anayang'ana kudenga, akuphethira kwambiri. Fyness akanatha kunena za geti ndi za bokosi lofiira, koma Tyler anali atanena kale kuti zongomva sangazilembe, ndipo mawu akewo akanangofika kwa amanija pachabe.

Tyler anatseka chikwama, naimirira. Fyness anatola makapu, napinda bondo pafupi ndi mpando wandalema.

"Agogo, mlendo akupita."

"Si mlendo ameneyo. Ndi kazembe wa Atatari, wodzawerenga anthu."

"Kaya ndi kazembe, koma wamwa tiyi wa pakhomo pano. Atuluke yekha? Akanene kwawo kuti a ku Ntcheu ndi otero?"

A Kamphinda anayang'ana kapu yopanda kanthu, nayang'ana Tyler. Mnyamatayo anali ataima pafupi ndi shelefu akumanga zipi ya jekete, maso ali pa kachithunzi ka pathabwa, ndipo anafunsa kuti munthu wandevuyo ndani.

"Ndipatseni chipewa," anatero a Kamphinda.

Ataona kuti akugwira fulemu, Tyler anawauza mwachizungu kuti asavutike n'kudzuka, njira akuidziwa.

"Mnyamata iwe, m'nyumba muno wonena kuti adzuke ndani ndine. Wafunsa funso, ndipo yankho lake ndi lalitali. Tsogola."

Anadzuka. Maya anagwira pakamwa. Nkhani inayambira pachiyambi, pa mwana wa zaka ziwiri ndi kamudzi ka m'nkhalango, tsopano m'Chingerezi, ndipo Fyness ankaimva ngati nyimbo ya kutchalitchi imene umaidziwa bwino koma akuiimba a mpingo wina. Anadutsa chitseko, natsika kasitepe, natuluka pageti. Tyler ankayenda pambali, maso ali pa mapazi awo, makutu ali pa nkhani. Pofika pa bokosi lofiira, a Kamphinda analimenya ndi chikhatho monga mwa masiku onse. Maya anamuyang'ana Fyness. Fyness anayang'ana maluwa a mumpanda wa eni.

Pangodya Fyness anayembekeza kuti zithera pomwepo. Koma Tyler sankadziwa kuti ulendowo uli m'manja mwake. M'malo mowabweza anafunsa funso lina: kodi Danieli anadzakhala kalonga wamkulu wa ku Vladimir? Anakhota, nalowa m'njira imene anali asanaipondepo chidwalireni, ya miyala yotukuka ndi mizu ya mitengo.

Fyness anaona zimene enawo sankaona. Phazi lakumanzere linali litayamba kutsalira, mitsempha ya m'manja itatuluka pa fulemu, mawu akuduka pakati. Ndipo ankawadziwa: akanalolera kugwa kusiyana n'kubwerera mlendo asanawamasule. Anamukoka Tyler dzanja la jekete.

"Atopa. Abwezeni."

"Mr Kamphinda, bwanji tipumeko pang'ono?"

"Watopa ndani? Ngati watopa iwe, khala pansi."

Anakankhanso fulemu. Fyness anamunong'oneza Tyler mofulumira m'Chingerezi.

"Osati choncho. Mlendo ndinu. Sangaime pokhapokha inuyo muwathokoze, muwauze kuti akufikitsani pokwanira, tsopano abwerere."

Tyler anamuyang'ana kamphindi, kenaka anakaima kutsogolo kwa fulemu. Anawathokoza chifukwa cha tiyi ndi chifukwa cha njira, nati kuchokera pamenepo apita yekha, iwo abwerere. Anaweramitsa ndi mutu womwe, ngakhale palibe anamuuza.

A Kamphinda anaima pomwepo. Pafupi panali kampanda kafupi ka njerwa, ndipo anakhala pamenepo mosafunsa mwiniwake. Anapuma kwa nthawi, chipewa chili pabondo.

"Funso lako lija," anatero mpweya utabwerera. "Ayi, pampando wa ku Vladimir sanakhalepo. Danieli anamwalira Andireya akadali moyo, ndipo pa mwambo wawo, mwana amene bambo ake sanakhalepo pampandopo analibe gawo. Koma anasiya Moscow ili ndi anthu, ili ndi khomo la mtsinje. Kumtunda kwa mtsinjewo kunatsala mzinda wa Mozhaisk, ndipo mabuku ambiri amati anakautenga ndi mwana wake Yuri, chaka chomwecho. Mpando wa ku Vladimir nawonso anadzaugwira ndi ana ake omwewo, mwambo uli chipenyere. Munthu samaliza yekha zonse." Anakweza chala kuloza kumene kunali magalimoto. "Maya, kafikitse mlendo pagalimoto."

Maya ndi Tyler anapita, akulankhulana motsitsa. Fyness anakhala pakampandapo pafupi ndi agogowo. Dzuwa linali lofunda bwino, ndipo kutsidya kwa msewu munthu wina ankadula udzu.

"Amayi, Mzungu ameneyu analeredwa kuti? Akanandifikitsa ku Solihull."

"Sankadziwa, agogo."

"Komatu amamvetsera bwino. Akadzabweranso mumupatse mabisiketi a chokoleti aja mumandibisira."

Maya anabwerera maso ali ofiira, koma akuseka. Tyler anati alemba kuti bambo angathe kukhalabe m'nyumba mwawo. Adzabwera anthu kudzaika zitsulo zogwirira kuchimbudzi ndi m'khonde la m'kati mwa nyumba, adzawapatsa kabatani ka m'khosi koitanira thandizo, ndipo wophunzitsa kuyenda uja adzayambiranso kubwera. Tyler anati amuuza kuti akafika aziyamba wamwa tiyi.

"Belu lija lafika," anadandaula a Kamphinda m'Chichewa. "Chatsala ndi chisoti."

Kenaka Maya anatembenukira kwa Fyness n'kumufunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Fyness anamuuza zoona, kuti chiyambire masamba akuphukira kumene m'mitengo. Maya anati akanayenera kuuzidwa, chifukwa bambo ake akanatha kugwa iye osadziwa kanthu. Fyness anavomera, napepesa. Maya anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja, nati aimba yekha foni ku ofesi kukanena kuti banja likufuna maulendo amenewa alembedwe m'ndondomeko ya chisamaliro, ndi kuti pakhomopo azibwerabe Fyness yemweyo.

"Zokambazo mukamalizire kunyumba," anadula a Kamphinda akuvala chipewa. "Tiyi uja wafika pamalire."

Ulendo wobwerera unali wapang'onopang'ono. Fyness anamuonetsa Maya poima, kumbali ya mwendo wofooka, ndi pamene dzanja liyenera kukhala. Panjira sipanakambidwe nkhani iliyonse, chifukwa mkuluyo anali ndi kopita. Atalowa m'nyumba, Fyness mwachizolowezi anathamangira chikuku, koma a Kamphinda anachilambalala. Analunjika m'khonde, nakankha chitseko cha kuchimbudzi ndi mwendo wa fulemu, nalowa, natseka.

Akazi awiriwo anaima m'khondemo. Maya anakweza dzanja kuti agogode, Fyness analitsitsa. Anadikira. Patapita nthawi kunamveka madzi, kenaka mpopi wa m'beseni, ndipo chitseko chinatseguka.

"Mwaima pamenepo ngati apolisi bwanji? Ntchito yatha? Maya, teleka ketulo."